PFUMBI NDI UTSI M'MIZINDA: CIFUKWA NINJI ZICULUKA MVULA IKATHA?

Mlimi amene anapitapo ku Lusaka m'mwezi wa Juni kukagulitsa matimati kapena repu adziwa cimene cioneka m'mamawa. Lole ikacoka ku Chongwe kusanace, niyandikira mzinda dzuwa liri kutuluka, munthu aona cinthu cotuwa citayalika pamwamba pa nyumba monga bulangete lalitsiro. Ena ayesa nkhungu. Koma nkhungu iribe pfungo, pamene ici cinunkha makala ndi zinyalala zopserera, ciyabwa m'maso, ndipo pofika pa msika wa Soweto munthu wayamba kale kutsokomola. Mlimi yemweyo akabweranso mu Febuluwale ndi cimanga caciwisi, apeza kumwamba kuli mbee, ndipo nyumba zazitali zioneka ali kutali.

Kodi anthu a m'tauni aleka kuphika m'dzinja? Iai. Mbaula ziri zomwezo, motoka ziri zomwezo. Cimene casintha ndi nyengo. Tsono m'phunziro lino tifuna kuona m'mene mvula, cisanu ndi mphepo zicepetsera kapena kuculukitsa pfumbi ndi utsi m'mizinda. Wina angafunse kuti, nkhani ya m'tauni ifunanji pa tsamba la alimi? Zifukwa ziripo zitatu. Coyamba, ana ndi abale athu ambiri akhala m'mizinda, ndipo ife tomwe tipitako kukagulitsa zokolola. Caciwiri, Chipata, Katete ndi Petauke ziri kukula caka ndi caka, ndipo bvuto la ku Lusaka lero lidzakhala lathu mawa. Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru, gawo lina la utsi umenewo licokera m'minda ndi m'thengo mwathu.

TINTHU TIMENE TIYANDAMA MU MPWEYA

Dzuwa likalowa m'nyumba pa kaboo ka denga, muona tinthu tating'ono tosawerengeka tiri kubvina m'kuwalamo. Timeneto ndi timene tikamba pano. Tina ndi dothi louma lonyamulidwa ndi mphepo kapena ndi motoka pa miseu yopanda phula. Tina ndi mwaye ndi phulusa zocokera ku nkhuni, makala, udzu, zinyalala, mafuta a dizilo ndi mafakitale.

Akatswiri atigawa monga mwa kukula kwace, napima ndi muyeso wochedwa maikulomita. Mukatenga milimita imodzi pa rula ya mwana wa sukulu ndi kuigawa magawo 1,000, gawo limodzi ndilo maikulomita. Tsitsi la munthu linenepa maikulomita 50 kufikira 70. Tinthu tosapitirira maikulomita 10 ticedwa ndi dzina lakuti PM10. Tambiri mwa timeneti ndi pfumbi la dothi. Tosapitirira maikulomita 2.5 tichedwa PM2.5, ndipo timeneti ticokera maka-maka ku moto.

Pfumbi lalikuru likodwa m'mphuno ndi pakhosi, munthu nayetsemula kapena kulabvula. Koma tinthu ta utsi tipitirira mpaka m'kati mweni-mweni mwa mapapu, ndipo tina tiloweratu m'mwazi. Ndito tikulitsa mphumu, cibayo ndi cifuwa cosatha, ndiponso matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Obvutika koposa ndi makanda, amai apakati, okalamba ndi odwala cifuwa cacikuru. Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse, la WHO, liwerengera kuti mpweya woipa, wa panja pamodzi ndi wa m'nyumba, ufupikitsa moyo wa anthu pafupi-fupi 7 miliyoni caka ciri conse. M'caka ca 2021 bungweli linaika malire atsopano. Linati mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, PM2.5 isapitirire maikulogalamu 15 powerengera tsiku lathunthu, ndi maikulogalamu 5 powerengera caka cathunthu. Maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Onani kucepa kwace! Kanthu kamene sikangagwedeze sikelo ya pa msika kakhoza kugoneka munthu m'cipatala.

DZINJA: MVULA ITSUKA MPWEYA

Kuyambira Novembala kufikira Epulo mpweya wa m'mizinda uyera koposa nyengo zina. Mvula igwira nchito zinai. Madontho ace pakugwa atenga pfumbi ndi mwaye, nazitsitsira pansi. Dothi lonyowa siliuluka. Udzu umera ndi kuphimba malo amene anali pambalambanda. Ndiponso thengo laliwisi silipsa. Kuonjezera apo, mitambo ya mabingu ikoka mpweya wa pansi kupita nao kumwamba, kotero kuti utsi wa mbaula sukhalitsa pakati pa nyumba.

Koma tisanyengedwe. M'dzinja amai aphikira m'nyumba cifukwa ca mvula, ndipo nkhuni zonyowa zifuka kwambiri. Cotero pamene kunja kwayera, m'khichini mungathe kukhala moipa koposa, ndipo mwana ali kumsana apuma utsi womwewo umene apuma mai wace. Nkhuni za m'dzinja ziyenera kutoledwa m'malimwe ndi kusungidwa pouma.

CISANU: MPWEYA UBVUNDIKIRIDWA

Kuyambira Meyi kufikira Julayi kapena kuciyambi kwa Ogasiti ndiyo nyengo ya cisanu. Pano pali cinthu cimene alimi acidziwa bwino koposa anthu a m'tauni. Mudziwa kuti usiku wa Juni kudambo kuzizira koposa kumtunda, ndi kuti cisanu cikaocha mbeu ciyambira m'madimba a m'munsi. Mudziwanso kuti madzulo a nyengo yino utsi wa m'mudzi sukwera ai, koma uyenda copingasa, nuyalika pa msinkhu wa madenga.

Cifukwa cace ndi ici. Masana dzuwa litenthetsa nthaka, nthaka nitenthetsa mpweya wa pansi. Mpweya wofunda ngwopepuka, cotero ukwera, nutenga utsi. Koma usiku wopanda mitambo nthaka itaya kutentha kwace msanga, maka-maka m'dziko lokwera monga lathu. Lusaka ali pa mtunda wa mamita pafupi-fupi 1,300 pamwamba pa nyanja ya mcere. Tsono mpweya wokhudza nthaka uzizira, nulemera, nukhala pansi, pamene wa pamwamba pace ukali wofundirapo. Mpweya wofunda uja ukhala ngati cibvundikiro pa mphika. Utsi ukafika pamenepo sungathe kupyola, ubwerera kwa eni ace.

Coipa ncakuti nthawi imene cibvundikiro citsekeka ndiyo nthawi yomwe moto uculuka. Madzulo nyumba iri yonse m'makomboni iyatsa mbaula kuphikira ndi kuothera. Ena asesa zinyalala, nazitentha pamodzi ndi mapulasitiki. M'mamawa mbaula ziyakanso, mabasi ndi malole nayamba ulendo. Kukakhala bata, zonsezi ziunjikana m'kamalo kocepa pakati pa nthaka ndi cibvundikiro. Ndilo bulangete lija aliona mlimi wocokera ku Chongwe. Dzuwa likakwera, ca m'ma 9 kapena 10 koloko, nthaka ifundanso, cibvundikiro cisweka, ndipo mpweya uyamba kupepuka. Cotero m'cisanu maola oipa koposa ndiwo a madzulo, usiku ndi m'banda kuca.

Kuti tione kuopsa kwa cibvundikiro cimeneci, tikumbuke zimene zinacitika ku London, ku Mangalande, kuyambira pa 5 kufikira pa 9 Disembala 1952. Kumeneko Disembala ndi mwezi wa cisanu coopsa, ndipo masiku amenewo anthu anali kuotha malasha a pansi m'nyumba zao. Mphepo inaleka, cibvundikiro cinakhala masiku asanu osasweka, ndipo utsi unasanganikirana ndi nkhungu mpaka munthu sanathe kuona kumene aponda. Powerenga poyamba anapeza kuti anthu pafupi-fupi 4,000 anafa. Akatswiri a pambuyo pace anati ciwerengero cingafike 12,000. M'caka ca 1956 boma la kumeneko linapanga lamulo loletsa utsi wakuda m'mizinda. Nyengo sanaisinthe, pakuti palibe munthu angathe kutero. Anasintha cimene anali kutentha.

MALIMWE: MPHEPO NDI MOTO

Kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala bvuto lisintha nkhope. Usiku ufundirapo, ndipo cibvundikiro ca pansi sicilimba monga mu Juni. Koma papita miyezi inai kapena isanu popanda mvula. Udzu wauma gwa, ng'ombe zapondereza minda, ndipo mphepo ya kum'mawa iomba mwamphamvu. Akabvumvulu anyamula dothi m'minda yopanda kanthu, m'miseu ya m'makomboni ndi m'malo ophwanyira miyala. Iyi ndiyo nyengo ya pfumbi.

Ndiyonso nyengo ya moto. Anyamata atentha thengo posaka mbewa, alenje posaka nyama, abusa pofuna msipu watsopano. Alimi asosa minda, natentha mapesi. Kumpoto kwa dziko lino atentha nthambi za citemene. Ena aocha njerwa ndi makala. Sife tokha ai. Ku Angola, ku Congo, ku Mozambique ndi ku Tanzania acita cimodzi-modzi. Tinthu ta utsi tikakwera m'mwamba mopanda mvula yotitsitsa, tikhoza kuyandama masiku ambiri ndi kuyenda makilomita mazana-mazana. Ndico cifukwa cace mu Seputembala mapiri akutali sakuoneka, ndipo dzuwa lifiira ngati khala la moto lisanafike polowera.

Zimenezi zinapimidwa m'dziko lathu lino. Ku Mongu akatswiri anaika makina oyang'ana dzuwa, opima kuculuka kwa utsi pakati pa nthaka ndi thambo. Zaka zambiri makinawo anasonyeza cinthu cimodzi: utsi ucepa m'dzinja, uyamba kukwera m'cisanu, nufika pacimace ca m'Seputembala. Mu Ogasiti ndi Seputembala 2000 akatswiri a maiko ambiri anacita kafuku-fuku wamkuru wochedwa SAFARI 2000, ndi ndege ndi zithunzi zojambulidwa kucokera m'mlengalenga, ndipo Mongu anali mmodzi wa malo ao opimira. Anaona utsi wa moto wa m'thengo utasonkhana ngati mtsinje waukuru m'mwamba, uli kuyenda kucokera pakati pa Africa mpaka kukatulukira pa nyanja ya India. Utsi umene uoloka maiko sungalephere kufika ku Lusaka kucokera ku Nyimba kapena ku Mumbwa. Cotero m'malimwe munthu wa m'tauni apuma utsi wa mbaula yace pamodzi ndi utsi wa munda wa mbale wace wa kumudzi.

Pali mzinda umodzi kumene pfumbi la malimwe liopsa mwapadera, ndiwo Kabwe. Mtobvu unapezeka kumeneko m'caka ca 1902, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Koma mtobvu suola. Unatsala m'milu ya zotaya za mgodi ndi m'dothi la makomboni oyandikana nao, monga Kasanda ndi Makululu. M'dzinja dothilo ligona; m'malimwe mphepo iliutsa, nililowetsa m'nyumba, m'zakudya ndi pa masamba a ndiwo. Ana osewera pansi alimeza ndi kulipuma, ndipo mtobvu uononga ubongo wa mwana, nucepetsa nzeru zace za kusukulu. Kumeneko udzu pa bwalo ndi madzi owaza posesa siziri za ukhondo wokha ai, ziri za moyo.

MOTO UMBERA MLIMI YEMWE

Wina angati, za m'tauni ziwakhudze a m'tauni. Koma taonani cimene mlimi ataya yekha. Mapesi, makoko ndi udzu ziri ndi cakudya ca mbeu cimene cinacokera m'nthaka yanu. Mukazitentha, naitrojeni, cakudya comwe cija mucigula ndi ndalama zambiri m'thumba la yureya, cithawa ndi utsi. Zina zitsala m'phulusa, koma phulusa ndi lopepuka. Mphepo ya Seputembala iliulutsa, ndipo lotsala likokoloka ndi mvula yoyamba. Nthaka itsala yamarisece, iuma, nilimba, ndipo madzi a mvula athamanga pamwamba m'malo mwa kulowa pansi. Pfumbi limene muliona likuuluka m'munda si dothi wamba ai, ndi dothi la pamwamba, lacondelo. Munthu wa m'tauni alitsokomola, inu mulilira pokolola.

Mapesi akasiyidwa m'munda aphimba nthaka, asunga cinyontho, ndipo ciswe ndi nyongolotsi ziwasandutsa manyowa. Akatengedwa kukhola adyetsa ng'ombe m'miyezi ya njala, otsala nasanganikirana ndi ndowe kukhala manyowa abwino. Zotsala za thonje ndi fodya nzosiyana, pakuti zisunga tizirombo ndi matenda. Pa zimenezo tsatani cimene akuuzani mlangizi wa zaulimi wa kwanu.

Nanga thengo? Pa ici tiri ndi umboni wakale. M'caka ca 1933 a za nkhalango anapatula minda yoyesera pafupi ndi Ndola. Ina anaichinjiriza kuti isapse konse, ina anaitentha caka ndi caka kuciyambi kwa nyengo youma, ina anaitentha mocedwa, ca m'Okutobala. Katswiri wina, C. G. Trapnell, analemba zotulukapo zace mu 1959. Kumene anatentha mocedwa, mitengo ikuru-ikuru ya mtundu wa mombo inatha, nipatsala zitsa zophukira, udzu ndi mitengo yocepa yopirira moto, monga mlombwa. Kumene anatentha msanga, nkhalango inakhalabe, yosasiyana kwambiri ndi ija yosapsa. Moto wa Meyi ndi Juni uyenda pang'ono-pang'ono, usiya zigawo zina zosapsa, ndipo kawiri-kawiri uzima wokha usiku ndi mame. Moto wa Okutobala udya zonse, udzu wofolera, mitengo, uci ndi nkhokwe zomwe, ndipo utsi wace ukwera m'nyengo imene m'mwamba mwadzaza kale.

ZOYENERA KUCITA

Mvula, cisanu ndi mphepo sizimva lamulo la munthu. Koma moto uli m'manja mwathu. Tsono sungani izi:

1. Musatenthe mapesi. Asiyeni m'munda, kapena muwatute kupita nao kukhola kapena ku dzenje la manyowa.

2. Ngati thengo liyenera kupsa, lipse msanga, udzu usanaumitse. Panganani ndi anyakwawa, mfumu ndi a za nkhalango, lambulani njira zochinga moto, ndipo yang'anani kumene mphepo iri kupita kuti utsi usalowe m'mudzi. Mutu umodzi susenza denga; mlimi mmodzi sangasunge mapesi ace ngati mnansi wace atumiza ana kukatentha mbewa.

3. Musatenthe zinyalala madzulo kapena m'mamawa m'nyengo ya cisanu, pakuti utsi wace sudzacoka. Zoola zipite ku manyowa. Mapulasitiki, matayala ndi zigubu za mankhwala a mbeu musazitenthe konse.

4. Yatsirani mbaula panja. Musagone nayo m'nyumba yotseka, cingakhale cisanu cotani. Makala atulutsa mpweya wina wosaoneka ndi wosanunkha umene upha munthu ali m'tulo.

5. Phikirani pa malo opita mphepo, ndi nkhuni zouma, ndipo mwana akhale kutali ndi utsi.

6. Wazani madzi pa bwalo musanasese m'malimwe. Bzalani udzu ndi mitengo kuzungulira nyumba, ndi mizere ya mitengo kumbali kumene kucokera mphepo.

7. Ngati muli ndi dimba pafupi ndi mseu kapena mgodi, tsukani ndiwo bwino-bwino musanaphike kapena kugulitsa, ndipo ana asambe m'manja asanadye.

8. Wodwala mphumu kapena mtima, akafuna kupita ku tauni m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ayende dzuwa litakwera, ndipo asaiwale mankhwala ace. Kansalu ka pamphuno kachinga pfumbi lalikuru, koma tinthu ta utsi tipyola.

9. Mwana akayamba kupuma mofulumira, kapena nthiti zikamalowa m'kati popuma, musayembekeze kuti ndi cimfine ca nyengo. Pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo.

10. Fakitale kapena mgodi ukamatulutsa utsi kapena pfumbi lobvutitsa anthu, kauzeni khonsolo ya kwanu kapena bungwe la Boma loyang'anira za cilengedwe, la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAKALABU A ALIMI

(a) Cifukwa ninji utsi wa madzulo sukwera m'mwezi wa Juni? Pali ubale wanji pakati pa ici ndi cisanu cimene ciocha mbeu kudambo?

(b) Chulani nchito zinai zimene mvula igwira poyeretsa mpweya.

(c) Mlimi ataya ciani akatentha mapesi? Werengerani mtengo wa thumba limodzi la yureya kwanuko caka cino.

(d) Kodi moto wa m'thengo kwanuko uyamba mwezi uti, ndipo auyatsa ndani? Mudzi wanu ungapangane ciani mvula ikangotha, udzu usanaume?

Alembi a makalabu alembe zimene mwagwirizana pa funso lotsirizali, ndi kuzipereka kwa anyakwawa ndi kwa mlangizi wa zaulimi mwezi wa Meyi usanafike.